Mizere inayi yofiira, ndalama za alimi zikudikira

Lolemba m'mawa, ndisanamwe n'tiyi yemwe, ndinatsegula dashboard, tsamba la pa kompyuta loonetsa mmene ntchito ikuyendera, n'kupeza kuti pipeline yathu, njira imene deta imadutsamo yokha, yaima. Ndimagwira ntchito kuno ku Chipata, pa bungwe laling'ono logula nshawa ndi soya kwa alimi. Zimene alangizi athu amalemba pa matabuleti m'midzi zimakwera pa cloud, makompyuta osungira zinthu kudzera pa intaneti, usiku uliwonse, koma zisanalowe m'tebulo lalikulu losungiramo deta yonse zimadutsa kaye pa macheki, malamulo oyenda okha ofufuza zolakwika. Cheki ikakana, mzere wake umafiira ndipo chilichonse chimaima pomwepo. Tsiku limenelo yofiira inalipo inayi, pamene mndandanda wa malipiro unkafunika Lachitatu.

Mayi wa ku akaunti anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Achimwene, si muli ndi batani lozimitsira macheki? Zimitsani, alimi akudikira." Batanilo ndili nalodi. Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndipatseniko lero lokha, ndione chimene makinawa akukanira." Sankanena zoipa ayi. Amene alimi amawaimbira foni kufunsa za ndalama ndi iwowo.

Ndinayamba ndi kutsitsa mizere yonse ya deta ya alimi imene yakanidwa. Pamwamba pa dashboard pamangolembedwa dzina la lamulo ndi chiwerengero, koma nkhani yeniyeni ili m'mizeremo.

Cheki yoyamba inkakana mayina a maboma. Inakana Kasenengwa, Chipangali, Lumezi ndi Chasefu, ati kulibe. Apa alangizi sanalakwe chilichonse. Mndandanda umene cheki imayerekezera nawo unakoperedwa ku fayilo yakale, ya nthawi imene Kasenengwa ndi Chipangali anali mbali ya Chipata, Lumezi ndi Chasefu ali mbali ya Lundazi. Mabomawa anaima paokha mu 2018, ndipo chaka chino m'pamene tinayamba kuwalemba padera. Ndinawonjezera mayinawo pa mndandanda, n'kulemba chifukwa chake m'buku la zosintha. Sizinatenge ngakhale theka la ola.

Yachiwiri inali ya manambala a foni. Lamulo lathu limafuna +260 kenako manambala 9. Ambiri mwa okanidwa anali odutsa mu Excel, amene amadya ziro woyambirira selo ikakhala ya nambala, kotero 0977 amasanduka 977. Amenewa ndinawakonza nthawi imodzi. Koma ena ochepa anali oyamba ndi +265, a alimi a kufupi ndi Mwami ndi ku Vubwi, kumene munthu amatha kukhala ndi simu ya ku Malawi chifukwa ndi netiweki imene imagwira pakhomo pake. Nambala yotere si yabodza, koma ife timalipira m'makwacha a Zambia pa mobile money ya kuno. Sindinafewetse lamulo. Ndinawapatula, n'kupempha alangizi akafunse nambala ina yolandirirapo ndalama.

Pa cheki yachitatu m'pamene ndinakhalitsa. Imaonetsetsa kuti nambala imodzi ya NRC, chitupa cha boma chodziwitsa munthu, ikhale ya munthu mmodzi. Maonekedwe ake onse anali bwino, manambala 6, kenako awiri, kenako imodzi, koma zina zinkaoneka kawiri. Pulogalamu yathu ili ndi njira yachidule yofufuta mzere wachiwiri n'kusiya woyamba, ndipo munthu wotopa angathe kuidina osaganiza. Nditayang'ana mmodzimmodzi ndinaona kuti nkhani zake n'zosiyana. Ena analidi munthu mmodzi wolembedwa kawiri, dzina lake litalembedwa mosiyana pang'ono. Koma pena mzere woyamba unali wa bambo, wachiwiri wa mayi, mudzi umodzi, minda yosiyana, matumba osiyana. Aliyense amene anakhalako pa msika wa zokolola akudziwa mmene zimakhalira: mayi wabwera ndi nshawa zake, chitupa wasiya kunyumba, mwamuna wake ali pomwepo, mlangizi n'kungolemba cha bamboyo kuti mzere uyende. Ndikanafufuta wachiwiriyo, ndalama za mayi amene analima, kupalira ndi kusenda yekha zikanapita pa foni ya munthu wina, kapena zikanasoweratu. Zotere sizithera pa kompyuta. Ndinaimbira alangizi atatu, n'kuwatumizira makodi a alimiwo okha, opanda mayina kapena zitupa, chifukwa zimenezo siziyenera kuyenda pa WhatsApp.

Yachinayi inandiumitsa pakamwa, chifukwa wolakwa ndinali ine. Cheki imeneyi imafufuza m'mafoda onse kuti ione ngati muli zinthu zodziwitsa munthu pamalo osayenera. Inapeza fayilo yokhala ndi mayina, ma NRC ndi mafoni m'foda ya malipoti. Tebulo lathu lalikulu limakhala pa seva, kompyuta yosungira deta, ya m'dziko muno, koma foda ya malipoti ili pa seva ya ku Johannesburg, ndipo mmenemo mumayenera kulowa ziwerengero zokha. Mwezi watha ndinaikamo fayiloyo mothamanga pokonzekera msonkhano, n'kuiwala kuichotsa. Choipitsitsa, aliyense wokhala ndi linki akanatha kuitsegula.

Lamulo la Data Protection Act la 2021 limanena kuti deta ya anthu isungidwe pa seva ya mu Zambia, kupatula mitundu imene nduna yaloleza, ndipo chitetezo chikasweka a Data Protection Commissioner auzidwe pasanathe maola 24. Choncho ndinatseka linki nthawi yomweyo, koma fayilo sindinaifufute kaye. Ndinapita kwa abwana amene amayang'anira za chitetezo cha deta n'kuwauza zonse mmene zinalili. Tinakhala limodzi kuwerenga log, kaundula wa kompyuta woonetsa amene anaitsegula ndi nthawi yake. Munali dzina langa ndi la mnzanga mmodzi wa mu ofesi basi. Abwanawo analemba lipoti, ndipo atandilola ndinafufuta fayiloyo pamodzi ndi makope ake akale, poti foda yathu imasunga makope ngakhale fayilo itachotsedwa. Amene saidziwa nkhani ya makopeyi amaganiza kuti wamaliza pamene zinthu zikadalipo.

Madzulo ndinayendetsanso macheki. Awiri anabiriwira. Wa mafoni ndi wa NRC anakhalabe ofiira chifukwa cha alimi amene tinkadikira yankho lawo. Apa m'pamene ndinapempha chilolezo chodutsitsa pipeline, koma cha mizere imeneyo yokha: inaikidwa pambali, chifukwa chake chinalembedwa, abwana anavomereza ndi dzina lawo, ndipo chilolezocho chinali choti chithe chokha pakapita sabata imodzi. Macheki enieniwo anakhalabe oyaka. Lachiwiri m'mawa ndinapereka mndandanda ku akaunti, ndipo Lachitatu alimi ena onse analandira.

Mayankho anabwera pang'onopang'ono. Womaliza anali mlangizi wa ku Kasenengwa, amene anafika Lachisanu masana pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu, atalemba m'kope lake manambala a zitupa za amayi awiri amene anachita kuwatsata kudimba. Anandiwerengera, ine ndikulemba, kenako tinabwereza kachiwiri. Ndinadina kuti macheki ayendenso, ndipo tonse awiri tinakhala chete kuyang'ana mpaka mzere womaliza unabiriwira. Ndinanyamuka kupita ku akaunti. "Amayi, aja awiri aja alowa. Mutha kuwatumizira."