Ma script a tsiku ndi tsiku asamasowe pa Mac

Script, kapulogalamu kakang'ono kolembedwa kuti kazikugwirirani ntchito yobwerezabwereza, yomwe mumaigwiritsa ntchito kangapo patsiku siyenera kuti muzichita kuisakasaka m'mafoda. Ngati mumailemba mu AppleScript, chilankhulo cha ma script pa Mac, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Script Editor, malo ake oyenera ndi Script menu, ndipo kuyatsa menyu imeneyi sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Tsegulani Script Editor, lowani mu Settings, kapena Preferences ngati macOS yanu ndi yakale, musankhe General, kenako muchonge pa Show Script menu in menu bar. Kachizindikiro kooneka ngati kapepala kokulunga katulukira pamwamba, mbali ya kumanja. Script iliyonse imene mwaika mu ~/Library/Scripts (chizindikiro cha ~ chikuimira foda yanu ya Home) izioneka pamenepo. Foda ya Library ndi yobisika, choncho kuti muipeze, gwirani batani la Option podina Go mu Finder.

Chomwe ambiri sachidziwa, koma ndiye chokoma kwambiri, ndi foda ya Applications. Ipangeni mkati mwa Scripts, ndipo m'kati mwakemo muikemo foda ya pulogalamu iliyonse: Safari, Mail, Finder. Ma script a mu foda ya Mail amaoneka pokhapokha Mail ikakhala patsogolo, ndiye menyu siitalika mpaka kusokoneza maso. Koma dzina la foda lifanane ndendende ndi la pulogalamuyo. Mukaphonya chilembo chimodzi, script siioneka, komanso kompyuta sikuuzani chifukwa chake.

Ine ndimalimbikitsa kuti fayilo yeniyeni ikhale imodzi basi, pamalo pomwe mumasunga ntchito zanu, ndipo mu Scripts muzingoikamo alias yake, kafayilo kongolozera ku fayilo yeniyeniyo. Makope awiri ndi msampha: mumakonza cholakwika m'kope lina, pamene menyu ikuyendetsabe lakale lija. Mukafuna kusintha script, gwirani Option poisankha pa menyu, itseguka mu Script Editor m'malo moyamba kugwira ntchito. Musaisunge ngati run-only musanapatule kope lotheka kusintha, chifukwa yoteroyo simungaitsegulenso n'kuwerenga zomwe munalemba.

Vuto lina limadza script ikayenda bwinobwino mu editor koma n'kukana pa menyu, ikuonetsa nambala -1743. Apa sikuti mwalemba molakwika. Kuyambira pa macOS Mojave ya 2018, pulogalamu imafunika chilolezo kuti ilamulire inzake, ndipo chilolezo chimene munapatsa Script Editor sichifika ku Script menu. Pitani mu System Settings, ku Privacy & Security, pa Automation, mukalole kumeneko. Ngati script imadina mabatani pa sikirini, onjezaninso Script menu pa Accessibility.

Nanga tizidutswa timene mumatibwereza m'ma script ambiri, monga kosintha kalembedwe ka deti? Timeneto tisonkhanitseni m'fayilo imodzi ya .scpt, muiike mu ~/Library/Script Libraries, foda yomwe mungafunike kuipanga nokha. Mukaitcha Zida, ingolembani use script "Zida" pamwamba pa script yatsopano, ndipo mukakonza kachidutswa kamodzi m'menemo, ma script onse oitana fayiloyo atsatira.