Katawuni kakatsala ndi okalamba okhaokha

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti pofuna kudziwa ngati katawuni kakang'ono kali pabwino, n'zokwanira kungoona chiwerengero cha anthu ake pa kalembera. Maganizowa ndinawasiya nditawerenga za Nagoro, kamudzi ka m'chigwa cha Iya pachilumba cha Shikoku ku Japan. Kale kumeneko kunkakhala anthu pafupifupi 300, koma pofika mu 2019 otsala anali osakwana 30, ndipo mwa iwo munalibe mwana ngakhale mmodzi. Sukulu ya m'kamudziko inatsekedwa mu 2012 ana awiri otsiriza atamaliza maphunziro awo. Mayi wina wa komweko anayamba kusoka zidole zamsinkhu wa munthu n'kumaziika pamalo pa omwe anamwalira kapena kusamuka, moti m'kalasi muja mwakhala zidole pamadesiki, mabuku ali patsogolo pake, pamene zina zili phee pamalo odikirira basi.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zaka za anthu otsalawo. Katawuni ka anthu 200 komwe mukubadwa ana chaka ndi chaka n'kosiyana kutalitali ndi ka anthu 200 omwe ambiri mwa iwo anapitirira zaka 65. Ntchito zikayamba kusowa, oyamba kuchoka ndi achinyamata, omwenso ndiwo akadabereka ana. Ana akachepa boma limatseka sukulu, ndipo sukulu ikatsekedwa palibe banja lachinyamata lomwe lingafune kudzakhazikikako. Zikatere basi imayamba kubwera mwa apo ndi apo, wasitolo amatseka chifukwa ogula achepa, namwino amasamutsidwira kwina, mapeto ake agogo omwe amafunika chipatala kuposa wina aliyense ndiwo amakhala nacho kutali koposa.

Ziwerengero za malo otere zimafunanso kuziwerenga mosamala. Banja limodzi la anthu 6 likasamuka m'katawuni ka anthu 200, ndiye kuti anthu atatu pa 100 alionse apita tsiku limodzi, zomwe mumzinda wa anthu miliyoni imodzi zikadafuna kuti pachoke anthu 30,000. Ku Monowi, m'chigawo cha Nebraska ku United States, kunali anthu 150 m'zaka za m'ma 1930, koma kalembera wa 2000 anapezako banja la anthu awiri okha. Mwamuna atamwalira mu 2004, mkazi wake anatsala yekha, nakhala meya, mlembi ndiponso woyang'anira laibulale ya mabuku pafupifupi 5,000 omwe malemuwo anasiya, ndipo msonkho wolipirira magetsi a mumsewu ankasonkha yekha. Kalembera wa 2020 analemba kuti kumeneko kuli anthu awiri, chikhalirecho wachiwiriyo kunalibe, kungoti akuluakulu a kalembera amasintha pang'ono manambala mwadala pofuna kuteteza chinsinsi cha anthu.

Sindikunena kuti moyo wa m'katawuni kakang'ono ndi wausiwa. Kumeneko kulibe phokoso, nyumba sizikwera mtengo ngati mumzinda, ndipo munthu akadwala anzake amadziwa dzuwa lisanalowe. Komabe ubwino wonsewu umatsamira pa anthu amphamvu zawo, oti n'kuyendetsa galimoto usiku kupita ndi wodwala kuchipatala kapena kukwera padenga la nkhalamba likayamba kudontha, pajatu mutu umodzi susenza denga.

N'chifukwa chake ndimaona kuti anthu a ku Albinen, m'mapiri a ku Switzerland, anaiona nkhaniyi pamene ili. Iwo anali pafupifupi 240, sukulu yawo itatsekedwa kale, ndipo mu 2017 anavota kuti azipereka ndalama zokwana mafranc 25,000 kwa wamkulu aliyense ndi 10,000 kwa mwana aliyense wodzakhala nawo. Ndalamazo sanaziikire aliyense wongofuna mpweya wabwino wa kumapiri. Wobwerayo anayenera kukhala wosakwana zaka 45, kugula kapena kumanga nyumba, ndi kulonjeza kuti akhalako zaka zosachepera 10.