Kampata kamene chinthu chimasandukira china

Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikusinkhasinkha za malo aang'ono a pakati, pomwe chinthu chimasiya kukhala chimene chinali koma chisanakhale chatsopano. Mu chemistry, sayansi ya mmene zinthu zinapangidwira ndi mmene zimasinthira, mamolekyu (timagulu ta tizidutswa tating'onoting'ono tomangirirana timene timapanga zinthu) akamasintha amadutsa kamphindi kamene zomangira zakale zikuduka pomwe zatsopano zisanalimbe, ndipo pamenepo ndi pofunika mphamvu zochuluka koposa. Henry Eyring, komanso Michael Polanyi ndi Meredith Evans, anafotokoza mfundoyi mu 1935, koma kamphindiko ndi kakafupi zedi moti Ahmed Zewail, amene anakafufuza pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser, analandira mphoto ya Nobel mu 1999.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ubongo. Maselo ambiri a mitsempha sagundana. Pakati pawo pamakhala kampata ka mananomita 20 mpaka 40 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita), ndipo uthenga wamagetsi ukafika pamenepo, selo limatulutsa timankhwala timene timawoloka kampatako n'kukadzutsa selo linalo.

Nawonso omanga njanji salumikiza mwadzidzidzi njanji yowongoka ndi yokhota, koma amaipinda pang'onopang'ono kuti sitima ilowe pokhotapo popanda kugwedezeka.