Sabata yomwe alonda anga onse akufuna usilikali

Ine ndimayang'anira alonda pa kampani ina ya sekyurite kuno ku Mzuzu, ntchito yanga ndi kulemba rosita, ndani akachezera pa golosale ku Katoto, ndani pa weyahausi ku Luwinga. Sabata ino rositayo yasokonekera chifukwa kwamveka zoti a MDF akulemba asilikali atsopano.

Lolemba anthu opempha ofu anangochuluka, wina akuti maliro ku Ekwendeni, wina mayi akudwala ku Rumphi, koma masana ndinawapeza onsewo pa fotokope mtauni atakumbatira maenvulopu a khaki akukopetsa satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika. Ndinangowapatsa moni, nanga ndikanati chani.

Lachitatu mnyamata wanga wina wa ku Chibavi, yemwe sanagonepo pa geti chiyambire, anabwera akuti bwana ndichotseni kaye pa naiti ndizithamanga m'mawa. Ndinamufunsa kuti iwe ukuthawa chani kuno, anangowerenga ndi zala, lendi, thumba la chimanga, ya kabaza, basi ndalama yatha. Kujaku akuti akamaliza maphunziro ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima malipiro ndi a boma, ngongole ku banki amakupatsa, penshoni iliponso. Sindinamutsutse ayi. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 mu 2024 koma mitengo ya zinthu inali itathamanga kale, ndiye kuno usilikali sachita kukakamiza, anthu amadzaza okha pamzere.

Chomwe chimawakoka zedi ndi ku Congo, komwe asilikali athu akhala akupita ndi a UN. Aliyense ali ndi nkhani ya wina wa ku kampu ya asilikali ya Moyale yemwe anabwerako nkumanga nyumba ya malata, koma za asilikali athu 6 omwe anaphedwa kufupi ndi Beni mu Novembala 2018 sindinamve wina akuzitchula pa fotokope paja.

Lachisanu tinaitana anthu oti atseke mipata, anabwera azibambo achikulire ndi anyamata omwe alibe MSCE. Ndinawauza abwana kuti tiwonjezereko malipiro, akuti makasitomala sangalole kukweza kontrakiti, komanso malo ku usilikali ndi ochepa, ambiriwo abwerera okha. Mwina akunena zoona, koma omwe atengedwe ndi amphamvu aja ndimawadalira pa naiti, ndipo mawa lino ku Luwinga ndilibe munthu.