Nthambi zofiira m'chisanu cha Disembala

Loweruka, ku Bristol, England

Ndadzuka m'mawa kapinga yense ali mbuu ndi chisanu. Ndisanateleke n'komwe madzi a tiyi ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukaona timitengo tanga tiwiri ta maple, tokongoletsa dimba timene ndimasunga m'miphika, poti usiku ndinagona ndi nkhawa ya mizu. Mtengo wa mumphika umazizidwa msanga kuposa wa m'nthaka, ndipo dothi likauma gwa ngati mwala mizu imavutika. Ndakulunga miphika yonse ndi pulasitiki ya timatuza ija amakutira katundu wosweka, n'kuisanjika pa njerwa kuti madzi azituluka pansi.

Kenako kudulira. Mitengoyi imaduliridwa ikagona, kuyambira Novembala mpaka Januwale. Ukachedwa, madzi amayamba kukwera ndipo pabala pamangochucha, mtengo n'kufooka. Ndachotsa tinthambi touma ndi tiwiri timene timakhulana, basi. Dzanja limafuna kupitiriza, koma mtundu wa maple umenewu, wotchedwa Acer palmatum, sukonda mpeni.

Mwa mitengo iwiriyi, umene wandiimitsa nthawi yaitali ndi wotchedwa 'Sango-kaku'. Ulibe tsamba ndi limodzi lomwe, koma nthambi zake zanthete zafiira psuu, ndipo kukazizira m'pamene kufiirako kumaonekera bwino. Dimba lonse lili lotuwa, mpanda wanyowa, maluwa anafota kalekale, iwo uli ngati makala amoto. Mu Epulo umaphuka timasamba tobiriwira mopepuka, mu Okutobala timasanduka tachikasu, tsopano ndi nthawi ya khungwa. Mnzake 'Osakazuki' amakongola kwambiri masabata ochepa a Okutobala. Kunena zoona, atandiuza kuti ndisunge umodzi, ndingasunge wa nthambi zofiirawu.

Masana ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kuwaonetsa. Anayang'anitsitsa, kenako akuti, "Mwanawe, mtengo wosabala, wopanda ndi mthunzi womwe, ukuufunditsa ngati khanda?" Ndinati, "Amayi, mukukumbukira mitengo ya tsamba ndi mombo m'phiri, mmene imafiirira ikamaphuka mvula isanagwe? Kuno masamba amafiira akamatsanzika, osati akamabadwa." Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti m'phirimo mitengo yatha ndi makala. Mawu amenewo andikhala pamtima tsiku lonse.

Chikondi cha mitengo ya maple chinandigwira ku Westonbirt, pafupi ndi Tetbury, nkhalango yodzala imene Robert Holford anayamba mu 1829. Kumeneko ndinaona Acer griseum, mtundu wina wa maple wochokera ku China, umene Ernest Wilson anabweretsa ku Britain mu 1901. Khungwa lake limasupuka lokha, lopyapyala ngati pepala, lofiirira ngati dothi la katondo. Ndikuufuna, koma bwalo langa ndi laling'ono, ndipo umenewo suyenera kukhala mumphika moyo wake wonse.

Ntchito yomaliza inali kusuntha 'Osakazuki'. Chilimwe chathachi masamba ake anawauka m'mbali chifukwa ndinauika pamphepo, pamenenso dzuwa la masana limaomba. Bambo a kunyumba andithandiza kuukokera pakona ya mpanda, pamene dzuwa limafika m'mawa mokha. Mphikawo ndi wolemera, tinapuma kawiri.

Pofika 4 koloko kunja kunali kutada kale. Ndalemba pa kalendala kuti kumayambiriro kwa Malichi, timaso tisanatseguke, ndiusinthire dothi 'Osakazuki' ndi kuona ngati mphutsi zodya mizu za kachirombo kotchedwa vine weevil sizinalowe m'mizu.