Lachinayi: sutikesi ya alamu ndi ulendo wa ku Mfuwe

Sutikesi ija ndi imene yayambitsa zonsezi. Alamu anaikoka mpaka pakati pa balaza, yaikulu ngati kabati, yolimba, ya matayala anayi, n'kuitsegula monyadira kuti ndione mmene akonzekerera. Afika dzana kuchokera ku Leeds ndi achemwali ndi ana awiri, ndipo Lolemba akukwera kandege ku Lilongwe kupita ku Mfuwe, ku Zambia, kukagona masiku asanu ku nkhalango ya nyama ya South Luangwa.

"Alamu, iyi siikwera nawo."

"Bwanji? Si yakwera ndege kuchokera ku Ulaya imeneyi?"

Ndege ija ndi ina, iyi ndi ina. M'tindege ta kutchire katundu amalowera pa kakhomo kopapatiza, pansi pa mimba kapena chakumchira, ndipo woyendetsa amachita kufinya zikwama kuti zikwane. Cholimba sichifinyika, chimatsala pabwalo. Pepala la ulendo wawo lomwe lalemba poyera kuti munthu aliyense makilogalamu 15, kuphatikizapo cha m'manja, ndipo chikwamacho chikhale cha nsalu. Sutikesi yotereyi musanaikemo ndi sokosi yomwe, yadya kale makilogalamu 4 kapena 5. Pa sikelo inafika 22. Pepalalo sanaliwerenge, anangoona zithunzi za mikango.

Koma kulemerako sikunandipweteke mutu kwenikweni. Mitundu ya zovala ndiyo. Majinzi awiri a buluu, matisheti akuda, jezi ya timu ya mpira yabuluunso. Ndinawafunsa ngati anaonapo nsalu za buluu ndi zakuda zija zimapachikidwa m'mbali mwa misewu ya m'nkhalango za nyama. Akuti ankayesa ndi zosonyeza njira. Ayi, ndi misampha ya ntchentche za kashembe. Mitundu iwiriyo anaisankha dala chifukwa ndiyo imakopa ntchentcheyi, ndipo nsaluyo amaipaka mankhwala kuti ikangotera ife. Ndiye taganizani munthu wavala zomwezo, wakhala pa galimoto yopanda mazenera, ikuyenda pang'onopang'ono m'mitengo ya tsanya, pomwe ntchentcheyi imakondanso kutsatira chinthu choyenda. Imaluma kuboola tisheti yopyapyala ndi masokosi omwe, imawawa zedi, ndipo mafuta othamangitsa udzudzu siiwaopa kwenikweni. Zambiri sizikhala ndi kaodzera, komabe matendawa alipo m'chigwa cha Luangwa, monganso kwathu kuno ku Nkhotakota ndi ku Vwaza. Polumidwapo pakatupa n'kusanduka chilonda, thupi n'kutentha, ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa alamu anamwetulira, n'kutulutsa pansi pa sutikesi thalauza ya mawanga a chisilikali. "Nanga iyi, si ndiye ya kutchire yeniyeni?" Imeneyo ndiye itsale ndithu. Ku Zambia, monganso ku Zimbabwe, munthu wamba saloledwa kuvala zotere, ndipo simungafune kuyamba tchuthi ndi kudzifotokoza kwa apolisi. Zoyera mbee nazo ayi. Poyenda pansi zimaonekera patali, nyama zimakuonani inu musanazione, ndipo fumbi la July limazifiiritsa tsiku loyamba lomwelo.

Zofunika n'zochepa: malaya atatu a manja aatali, mathalauza awiri, kabudula mmodzi, zonse za khaki, zobiriwira mozilala kapena za mtundu wa dothi, za nsalu yokhuthala pang'ono ndiponso zosathina, kuti mlomo wa ntchentche usafike pakhungu. Kumakampu ambiri amachapa tsiku ndi tsiku, za m'kati zokha ndi zimene mumachapa nokha, choncho kasopo n'kofunika kuposa malaya achinayi.

Zimandinyansa ine ndi mindandanda ya pa intaneti ija. Amakugulitsani jekete la matumba khumi, chipewa cha mtengo wa thumba la feteleza, koma osakuuzani za kuzizira. Zonse ndatchulazi zili pa kaunjika, munthu akhoza kuzisankha m'mawa umodzi. Ndiye n'kuona munthu wobadwira kuno wakaonongera mapaundi zinthu zolakwika. Mwinanso ndikutopa chabe, lero kunali mphepo tsiku lonse ndipo ine mphepo imandichotsa mtendere.

Za kuzizirazo. Akangokhalitsa kunja anthu athu amakumbukira dzuwa lokha. Ku Luangwako amakudzutsani 5 koloko, pofika 6 muli kale pa galimoto, mpweya uli pafupi ndi madigiri 10, mphepo ikukumenyani kumaso. Pofika masana mukutuluka thukuta, ndipo ulendo wa usiku wofuna anyalugwe umabwerera cha m'ma 8 kutazizanso. Chijasi chimodzi chachikulu sichithandiza. Valani zosanjikiza, tisheti, malaya, juzi, kajekete kotchinga mphepo pamwamba, muzivula chimodzichimodzi dzuwa likamakwera. Chipewa choluka chophimba makutu, ndi timagolovesi ta ana. Akanapita October nkhani ikanakhala ina, nthawi imeneyo m'chigwamo kumatentha kupitirira madigiri 40.

Achemwali, amene nthawi yonseyi anali chete, anangoponyamo zitenje ziwiri. Iwowa ndiwo analongedza mwanzeru kuposa tonse. Chitenje chimatchinga fumbi pamphuno, chimakutira kamera, chimafunda miyendo m'mawa, ndipo kukatentha mumachinyowetsa n'kuchiika pakhosi.

Tina ndi tina tinangodutsamo. Nsapato zotseka zovala kale, osati zatsopano zimene zikakutupitseni matuza. Usiku zilowe m'tenti chifukwa afisi amatafuna chikopa, ndipo m'mawa muzizikutumula kuopa zinkhanira. Tochi ya pamutu aliyense yake, pakuti mvuu zimadya udzu pakati pa matenti usiku, ngakhale kuti kukada simuyenda popanda mlonda. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja, yosapitirira 100 Wh, zomwe ndi pafupifupi 27,000 mAh. Mapulagi a ku Britain a mano atatu ndi omwewo timagwiritsa ntchito kuno ndi ku Zambia. Mabisiketi ndi malalanje a ana asagone m'tenti, anyani amadziwa kutsegula zipi ndipo njovu fungo la zipatso imalimvera patali. Wamng'onoyo ali ndi zaka 9, ndiye adziwiretu kuti ulendo woyenda pansi sakapita nawo, amayambira zaka 12. Magalasi oonera patali ali nawo amodzi anthu anayi. Imeneyo ndi ndewu. A 8x42 ndiwo abwino, chifukwa a mphamvu kwambiri amagwedera m'manja galimoto ikamanjenjemera.

Sindikumbuka kuti zinali tisanadye kapena titadya pamene ndinaona timabokosi tiwiri tokha ta mankhwala oteteza malungo. Ta ana.

"Nanga anu, alamu?"

"Ife ndife a kuno. Malungo amatidziwa."

Mawu amenewa ndi amene akundizungulirabe m'mutu. Chitetezo chimene thupi limapeza munthu akamadwala malungo kawirikawiri kuyambira ali mwana sichikhala mpaka kalekale. Akakhala zaka kumalo opanda malungo chimazilala, ndipo ambiri mwa odwala malungo m'zipatala za ku Britain ndi anthu obwera kudzaona abale kwawo, oganiza chimodzimodzi. Ndinawauza zimenezi. Akuti kukuzizira, udzudzu kulibe. Wachepa inde, koma m'mbali mwa mtsinje ndi m'madambo sutheratu, ndipo umodzi ndi wokwanira.

Ndinawawerengera. Malarone mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike, kamodzi patsiku nthawi yomweyo, ndi chakudya kapena mkaka, n'kupitiriza masiku 7 mutachoka. Kwa milungu itatu imene akhale kuno ndiye mapiritsi 30, chifukwa malungo sali ku Luangwa kokha, kumudzi kumene akupita pambuyo pake alikonso. Doxycycline ndi wotchipa ndipo amapezeka mosavuta, koma mumamwa mpaka milungu 4 mutabwerera, amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo amafuna madzi ambiri, osamwa n'kukagona pomwepo chifukwa amaotcha kum'mero. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera samwa. Alamuwa achedwa kale, komabe kuyamba lero kuposa kusayamba, akaonane ndi dokotala mawa. Madzulo manja aatali, mafuta othamangitsa udzudzu a DEET a 30 mpaka 50 peresenti m'mapazi ndi m'khosi, osagwira nawo magalasi kapena kamera chifukwa amasungunula pulasitiki. Ndipo thupi likadzatentha atabwerera ku Leeds, ngakhale patapita miyezi, mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti ndinali ku Malawi ndi ku Zambia. Kumeneko akhoza kuyesa ndi chimfine wamba.

Anamvetsera zonse, akugwedeza mutu mwaulemu, kenako anati mapiritsi amawatembenuza m'mimba. Anafunsa ngati sangangonyamula LA kuti akadwala amwe. Kunyamula LA si kuteteza, ndipo kumwa osayezetsa, muli kumalo a kashembe, ndi kubisa matenda ena.

"Tiona, alamu," anatero.

Achemwali ananditsinzinira diso kuti ndisiye, akuti alankhula nawo okha usiku. Kaya. Mlamu sungamukalipire, ndi mlendo, ndipo ndi wamkulu kwa ine. Mawa tikupita limodzi pa kaunjika kukasaka khaki, famase ili panjira pomwepo. Magalasi achiwiri sindinapezebe wondibwereka.