Kodi nyama zimamvadi zimene timanena?

Galu wanga akafuna kutuluka sauwa. Amangoima pakhomo, kundiyang'ana ine, kuyang'ana chitseko, mpaka nditadzuka. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti akuweta mnzake ndani.

Koma zilipo nyama zomuposa kutalitali. Chaser, galu wa John Pilley ku America, ankadziwa mayina a zidole 1,022. Amene amandizunguza mutu kwambiri ndi Alex, chinkhwe cha katswiri wofufuza za nyama, Irene Pepperberg, chomwe chinafa mu 2007. Chinkasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, chinkawerenga zinthu mpaka 6, ndipo chikatopa ndi mafunso chinkapempha kubwerera m'khola. Ena amati kunali kuloweza chabe. Ine ndimakayika, chifukwa chikapempha nthochi ofufuzawo n'kuchipatsa china, nthawi zambiri chinkataya chinacho n'kupemphanso nthochiyo.